Webusaiti ikuti ndiike plug-in: yoyenera ndi iti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa ku Namwera, ndipo akuti: "Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira laputopu yogwirapo kale ntchito, ya Windows 7. Ndimafuna kuonetsa ana a Fomu 3 zithunzi zoyenda za mmene magetsi amayendera mu waya, koma webusaiti imene ndinapeza ikungoonetsa bokosi lotuwa ndi mawu akuti ndiike plug-in ya Flash. Tsiku lina ndikufunafuna mapepala akale a mayeso, tsamba lina linandiuza kuti ndiyambe ndaika plug-in yotsegulira PDF. Ndinadina, china chake chinalowa, pepalalo silinatseguke, ndipo kuyambira pamenepo zotsatsa malonda zikungotulukira pakona pa sikirini. Plug-in yoyenera ndi iti, nanga ndingaipeze kuti?"

Aphunzitsi, plug-in yoyenera kulibe, ndipo musathe bandulo yanu poifunafuna. Browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) iliyonse yodziwika masiku ano, kaya Chrome, Firefox, Edge kapena Safari, imatha yokha kutsegula PDF, kuonetsa vidiyo ndi kuliza mawu, osafuna kuiwonjezera kanthu. Tsamba likakuuzani kuti muyambe mwaika plug-in, ndiye kuti mwina ndi lakale kwambiri ndipo eni ake analitaya, apo ayi ndi msampha. Inu mwakumana nazo zonse ziwiri. Bokosi lotuwa lija ndi tsamba lakale chabe, silinakuwonongereni kanthu. La mapepala a mayeso lija ndiye msampha, ndipo ndi limene likundidetsa nkhawa, chifukwa chimene chinalowa tsiku limenelo chikadali mu laputopu yanu. Mpaka mutachichotsa, musalowe mu imelo, mu Facebook kapena mu akaunti ya ku banki pa makina amenewo. Zimenezo muzichitira pa foni kaye.

Sindikudabwa kuti munadina, pakuti kwa zaka zoposa 20 uthenga woterewu unkanena zoona. Cha m'ma 1995 browser inkangodziwa kuonetsa malemba ndi zithunzi zosayenda. Kampani ya Netscape, mu browser yake ya Navigator 2.0, ndi imene inatsegula njira yoti mapulogalamu a makampani ena azilowa n'kumagwira ntchito mkati mwa tsamba, ndipo mapulogalamu amenewo ndiwo ma plug-in. Kuti uwerenge PDF, mtundu wa fayilo umene Adobe inatulutsa mu 1993, unkaika Adobe Reader. Nyimbo ndi mavidiyo zinkafuna RealPlayer kapena QuickTime ya Apple. Zoyeserera zambiri za sayansi zimene mayunivesite ankaika pa intaneti zinkayendera Java. Microsoft nayo inabwera ndi Silverlight mu 2007. Koma yofala kuposa onsewa inali Flash, yopangidwa ndi Macromedia, kampani imene Adobe inagula mu 2005. YouTube itayamba chaka chomwecho, mavidiyo ake ankadalira Flash. Amene tinkalipira mphindi mu internet café pa Boma masiku amenewo tikukumbukira: kabokosi kotuwa kakatuluka, unkaitana mwini malo, iye n'kuika plug-in, vidiyo n'kuyamba kuyenda. Tinazolowera kuti uthengawo ukabwera umangomvera. Ndinene pompano kuti Flash imeneyi si fulashi yosungira mafayilo imene timabaya pa kompyuta. Imeneyo pitirizani kuigwiritsa ntchito.

Chimene chinathetsa ma plug-in n'chakuti ankagwira ntchito ndi mphamvu zonse za mwini kompyuta. Zinali ngati kuitana waganyu kuti adzakonze zenera limodzi n'kumupatsa makiyi a zipinda zonse: akakhala wokhulupirika zili bwino, koma wina akamunyengerera, katundu yense wa m'nyumba ali poyera. Flash ndi Java zinkapezeka ndi zibowo pafupipafupi, ndipo mbava za pa intaneti zinkadutsira momwemo. Munthu ankangotsegula tsamba, osadina kalikonse, vairasi n'kulowa. Kuwonjezera apo ma plug-in ankatha batire, kutenthetsa makina ndi kuzimitsa browser ntchito ili mkati. Mu Epulo 2010 Steve Jobs, mkulu wa Apple pa nthawiyo, analemba kalata yapoyera yofotokoza chifukwa chake iPhone ndi iPad sizidzalola Flash, ndipo chaka chotsatira Adobe yomweyo inalengeza kuti yasiya kukonza Flash ya m'mafoni. Pa nthawi yomweyo opanga ma browser anali atayamba kuphunzitsa browser kuchita yokha ntchito zimenezi. Chrome inayamba kutsegula yokha PDF mu 2010, Firefox mu 2013. Malamulo atsopano olembera masamba, otchedwa HTML5, amene amalola vidiyo ndi mawu kuyenda popanda chothandizira, anavomerezedwa mu Okutobala 2014, ndipo mu Januwale 2015 YouTube inasamukira kumeneko. Njira ya Netscape ija Chrome inaitseka mu Seputembala 2015, Firefox mu Malichi 2017, n'kungosiya Flash yokha kwa kanthawi. Kenako Adobe inaleka kusamalira Flash Player pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 pulogalamuyo inayamba kukana yokha kuonetsa chilichonse. Silverlight inatha mu Okutobala 2021, Internet Explorer, browser yakale ya Microsoft, mu Juni 2022.

Ndatchula zaka zonsezi kuti muone kuti si laputopu yanu yokha imene ikukana. Ngakhale mutagula kompyuta yatsopano mawa ku Blantyre, bokosi lotuwa lija likhalabe lotuwa. Ndipo aliyense amene akukupatsani Flash Player lero akukupatsani chinthu chimene Adobe, mwini wake, anasiya kugawa.

Akathyali akudziwa kuti chizolowezi chakale chija chikadali mwa ife. Amapanga masamba odzaza ndi mawu amene anthu amasaka kwambiri: mapepala akale a MSCE, mafomu a ntchito, mpira woonera ulere, mafilimu. Mukafika, chithunzi cha pepala chimaoneka mwachimbuuzi kumbuyo, kutsogolo kuli batani lalikulu lobiriwira ndi mawu onga "Install PDF plug-in to view" kapena "Your Flash Player is out of date". Njira yowagwirira ndi yosavuta, ndipo ndikufuna muiphunzitse ana anu. Mukadina batani, yang'anani dzina la fayilo imene yatsika. Pa Chrome kapena Firefox dinani Ctrl ndi J pamodzi, mndandanda wa zonse zimene mwatsitsa utuluka. Ngati munkafuna pepala, dzinalo liyenera kuthera .pdf kapena .docx. Likathera .exe kapena .msi, imeneyo ndi pulogalamu, si pepala, ndipo musaitsegule. Pa foni ya Android chimodzimodzi ndi .apk. Chovuta n'chakuti Windows imabisa mathero a mayinawa mukapanda kuiuza, moti fayilo yotchedwa physics.pdf.exe imaoneka ngati physics.pdf basi. Pa Windows 7 yanuyo pitani ku Control Panel, Folder Options, View, ndipo muchotse kachizindikiro pa mzere wakuti "Hide extensions for known file types". Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ndikanakonda kompyuta iliyonse ya pa sukulu ikanachitidwa zimenezi tsiku lomwe yafika.

Palinso msampha wina umene wafala kuyambira cha mu 2024. Tsamba limanamizira kuti likufuna kutsimikiza kuti ndinu munthu, kapena kuti likukonza vuto lotsegula chikalata, n'kukuuzani kuti mudine batani la Windows pamodzi ndi R, kenako Ctrl ndi V, kenako Enter. Mukatero mwailamula nokha kompyuta yanu kuti itenge vairasi. Palibe webusaiti yachilungamo imene imapempha zimenezo. Tsekani tsambalo.

Tsopano za kuchotsa chimene chinalowa. Zotsatsa zotulukira pakona zingachokere malo atatu, ndipo muyenera kuyendera onse, chifukwa kawirikawiri zimabwera pamodzi. Yambani ndi Control Panel, Programs and Features. Dinani pamwamba pa mzere wakuti "Installed On" kuti mapulogalamu asanjike potsata tsiku limene analowa, ndipo yang'anani a tsiku lija munkafuna mapepala. Mudzapeza mayina osawadziwa, ambiri okhala ndi mawu onga PDF, Converter, Player, Search kapena Optimizer. Achotseni onse a tsiku limenelo amene simunawaike mwadala, ndipo pochotsa muziwerenga funso lililonse, chifukwa ena amafunsa mokhotakhota kuti mudine molakwika n'kuwasunga.

Malo achiwiri ndi mkati mwa browser. Pa Chrome lembani chrome://extensions pamene mumalemba adiresi ya webusaiti. Pa Firefox lembani about:addons. Apa mupeza ma extension, amene ndi osiyana ndi ma plug-in akale aja ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Ndi timapulogalamu tating'ono towonjezera luso pa browser, monga kutsekereza zotsatsa kapena kumasulira tsamba. Ena ndi abwino ndithu. uBlock Origin pa Firefox imachotsa mabatani abodza ambiri musanawaone, ndipo imapulumutsako bandulo. Koma extension ikapatsidwa chilolezo choti "Read and change all your data on all websites", imatha kuona chilichonse chimene mukulemba, pasiwedi yomwe. Lamulo langa n'lakuti extension muziitenga nokha ku Chrome Web Store kapena ku malo a Mozilla, eni ake a Firefox, mutaganiza nokha kuti mukuifuna, osati chifukwa tsamba lina lakukakamizani. Ndipo palibe extension imene ikufunika kuti PDF kapena vidiyo itseguke. Iliyonse imene simukuidziwa, ichotseni.

Malo achitatu ndi amene anthu ambiri saaganizira, chonsecho nthawi zambiri ndi kumene zotsatsa za pakona zimachokera. Tsamba limatulutsa kabokosi pamwamba kofunsa ngati mukulola kuti lizikutumizirani mauthenga, n'kunama kuti mudine "Allow" kuti dawunilodi iyambe. Mukalola, limapeza ufulu wokutumizirani timauthenga pakona ngakhale mutalitseka. Ena mwa timauthengato amaoneka ngati chenjezo la antivirus, oti kompyuta yanu ili ndi mavairasi angapo, dinani apa. Pa Chrome pitani ku Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, ndipo muchotse adiresi iliyonse yachilendo pa mndandanda wa ololedwa. Mukamaliza malo atatuwa, yendetsani antivirus kuti ifufuze kompyuta yonse, osati mwachidule. Kenako, pa foni osati pa laputopu, sinthani pasiwedi ya imelo choyamba, chifukwa amene wagwira imelo yanu amatha kusintha mapasiwedi ena onse, ndiye mubwere ku Facebook ndi kwina kulikonse kumene browser inkakusungirani pasiwedi. PIN ya Airtel Money kapena TNM Mpamba isalembedwe pa tsamba lililonse lokulonjezani chikalata.

Tibwere ku phunziro la magetsi, limene ndilo linayambitsa zonsezi. Musalimbane ndi tsamba lakalelo. Pitani ku PhET, ntchito ya University of Colorado Boulder ku America, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, wasayansi amene analandira mphotho ya Nobel ya physics mu 2001. Zoyeserera zawo poyamba zinkayendera Java ndi Flash, koma zambiri anazilembanso mu HTML5, ndipo ndi zaulere. Fufuzani yotchedwa Circuit Construction Kit: DC. Mwana amakoka batire, waya, babu ndi switchi n'kuzilumikiza pa sikirini, babu n'kuyaka, timadontho toimira ma electron n'kumaoneka tikuyenda mu waya. Akawonjezera babu lachiwiri motsatizana, onse awiri amachepa kuwala iye akuona. Akawalumikiza mbali ndi mbali, amawala monga poyamba. Pali voltmeter ndi ammeter zoti aziyezera. Kwa sukulu yopanda labotale yokwanira, chinthu chimenechi n'chamtengo wapatali, ngakhale sichilowa m'malo mwa kugwira waya weniweni ndi manja. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti choyeserera chilichonse cha HTML5 chili ndi batani lotsitsira, ndipo chimabwera ngati fayilo imodzi yothera .html, imene imatseguka mu browser popanda intaneti. Tsiku limene mwatsika Chowe kubwera pa Boma ku Mangochi, kapena paliponse pamene netiweki ikugwira bwino, tsitsani zonse zimene mukufuna pa teremu yonse, muziike pa fulashi, basi. M'kalasi simudzadaliranso netiweki.

Ngati pa tsamba lakalelo pali phunziro limene simungalipeze kwina, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ruffle, imene imatsanzira Flash popanda zibowo zake zija. Internet Archive yakhala ikuigwiritsa ntchito kuyambira mu 2020 posunga zinthu zakale za Flash. Imatsegula zambiri koma osati zonse, ndiye ndingaiyese pokhapokha PhET ikalephera kukupatsani chimene mukufuna.

Za PDF, zimene muyenera kudziwa ndi zochepa. Mukadina linki, chikalatacho chimatseguka mu browser momwemo, kapena chimatsikira mu foda ya Downloads. Chikakana kutseguka, dinani linkiyo ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe "Save link as", ndipo mukachitsitsa chikokereni pa windo la browser n'kuchisiya pamenepo. Chitseguka ngakhale intaneti itazima. Mindandanda yaitali, monga ya zotsatira za mayeso a MANEB kapena ya osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma imene NCHE imatulutsa, musamayende nayo tsamba ndi tsamba. Dinani Ctrl ndi F, lembani dzina la mwana kapena la sukulu, browser ikupititsani pomwepo. Ikakanika kupeza dzina limene mukuliona ndi maso, ndiye kuti chikalatacho ndi chithunzi cha pepala chojambulidwa pa sikana, mulibe malemba oti makina awerenge. Apa ndipemphe nawo amene amaika zikalata pa mawebusaiti a maofesi ndi masukulu m'dziko muno: chikalata chimene munachilemba pa kompyuta chisungeni ngati PDF mwachindunji. Mukachipulinta n'kuchijambulanso, chimalemera kwambiri, sichifufuzika, ndipo kholo la ku Makanjira kapena ku Katuli limatha bandulo yonse pofuna kuona dzina limodzi.

Pali PDF ya mtundu umodzi imene ma browser ena, monga Chrome, amailepheradi, ndipo ndiyenera kuitchula kuti musadzaganize kuti ndinakunamizani. Mafomu ena odzaza pa kompyuta, makamaka a maofesi akunja monga ena a visa, mukawatsegula mu ma browser amenewo amangoonetsa tsamba limodzi loyamba ndi mawu akuti "Please wait". Fayiloyo si yowonongeka. Inapangidwa m'njira imene imafuna Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta. Ngakhale pamenepa simukuika plug-in. Mumatsitsa fomuyo, n'kupita nokha ku webusaiti ya Adobe polemba adiresi yake ndi manja anu, kutenga Reader yaulere, n'kutsegulira fomuyo mmenemo. Kusiyana kwake n'komweko: inu ndi amene mwapita kwa mwini pulogalamu, osati batani la tsamba lachilendo kukubweretserani. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku pa laputopu yofooka, SumatraPDF ndi yopepuka kwambiri kuposa Reader.

Zikalata za Word, Excel ndi PowerPoint kawirikawiri browser siizitsegula yokha. Imangozitsitsa, ndipo si vuto. Mumazitsegula ndi Microsoft Office, kapena LibreOffice imene ndi yaulere. Ngati Office yanu ndi ya chaka cha 2003, ivutika ndi mafayilo othera .docx, chifukwa mtundu umenewu unayamba ndi Office 2007. LibreOffice imathetsa zimenezo. Chikalata chochokera kwa munthu wosamudziwa chikatulutsa mzere wachikasu wopempha kuti mudine "Enable Content", musadine, pakuti ndi njira ina yakalekale yolowetsera vairasi. Komanso masamba aja osinthira Word kukhala PDF pa intaneti musamawapatse ziphaso, masatifiketi kapena mndandanda wa mayina ndi malikisi a ana. Fayiloyo imapita pa kompyuta ya munthu amene simukumudziwa, chikhalirecho LibreOffice ndi Word yomwe zimatha kusunga chikalata ngati PDF popanda intaneti.

Vidiyo ikamaima n'kumazungulira kachizindikiro pakati, vuto ndi netiweki, si plug-in. Pa YouTube dinani kachizindikiro ka giya, mutsitse quality kufika 360p kapena 240p. Pa phunziro la pa bolodi zimaonekabe, ndipo bandulo imakhalitsa. Mafayilo othera .mp4 ndi .mp3 amayenda mu browser iliyonse ya masiku ano. Othera .avi, .wmv, .flv kapena .mkv, ngati amene anyamata obena nyimbo pamsika amaika pa memori khadi, atsitseni muwatsegule ndi VLC, pulogalamu yaulere ya bungwe la VideoLAN la ku France, imene imabwera ndi zonse zofunika mkati mwake. Tsamba lokuuzani kuti vidiyo ikufuna "codec" yapadera ndi msampha womwe uja wangosintha dzina. Misonkhano ya pa Zoom kapena Teams imakulimbikitsani kuika pulogalamu yawo, ndipo ndi mapulogalamu enieni, koma kawirikawiri pamakhalanso mwayi wolowa kudzera mu browser.

Pa foni nkhani ndi yaifupi. Chrome ya pa Android silandira extension, ndipo Flash inachoka m'mafoni kalekale, ndiye uthenga uliwonse wa plug-in pa foni ndi wabodza. PDF ikatsika, itsegulireni ndi Google Drive kapena pulogalamu ina yochokera ku Play Store. Musalole "Install unknown apps" chifukwa tsamba lakuuzani, makamaka pulogalamu ikamapempha kuwerenga ma SMS anu, pakuti manambala achinsinsi otsimikizira ndalama amabwera momwemo. Amene amagwiritsa ntchito Opera Mini adziwe kuti njira yake yopulumutsira data kwambiri imadutsitsa masamba pa makompyuta a kampaniyo kuti awapanikize, ndipo mavidiyo ena ndi zoyeserera ngati za PhET zimakana. Pa zimenezi sinthirani ku Chrome kapena Firefox.

Chatsala ndi Windows 7, ndipo pano sindikubisirani. Microsoft inasiya kuikonza pa 14 Januwale 2020. Chrome yomaliza kuyenda pa iyo ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023, ndipo Firefox yomaliza ndi 115 ESR, imene Mozilla inapitiriza kuisamalira kwa nthawi yotalikirapo. Pa ziwirizi, pa makina anuwo sankhani Firefox. Koma pamene zaka zikupita, masamba ochulukirachulukira azikana kutseguka bwino, ndipo ena azikuuzani moona kuti browser yanu yakalamba. Uthenga wotere mukauona musadine batani la pa tsambalo. Apudeti yeniyeni imachokera mkati mwa browser, ku Help kenako About. Yang'ananinso tsiku ndi nthawi pakona yakumanja pansi pa sikirini. Malaputopu akale ochokera ku Joni ambiri amafika kabatire kakang'ono ka mkati, kosunga wotchi, katatha, ndiye magetsi akathima ndipo batire lalikulu likatheratu, tsiku limabwerera zaka zambiri kumbuyo. Zikatero pafupifupi webusaiti iliyonse imakana ndi mawu akuti "Your connection is not private", munthu n'kumaganiza kuti pali chimene sanaike. Kukonza tsikulo kumathetsa vutolo nthawi yomweyo, ndipo kabatireko amisiri amasintha pa mtengo wochepa.

Ngati mwayendera malo atatu aja koma zotsatsa zikubwerabe, kapena browser ikumatsegula yokha masamba amene simunawapemphe, laputopuyo ikufunika kufufutidwa n'kuikidwa dongosolo latsopano. Koperani kaye zikalata zanu pa fulashi: ma scheme, malikisi, zithunzi, koma osatengako pulogalamu iliyonse. Kwa mmisiri mukanene zinthu zitatu momveka. Asakubwezereni Windows 7 yomweyo. Aone ngati makinawo angathe Windows 11, poti Windows 10 nayo Microsoft inaiikira 14 Okutobala 2025 ngati tsiku losiya kuisamalira mwa nthawi zonse. Ngati sangathe, monga zilili ndi malaputopu ambiri a nthawi ya Windows 7, akuikireni Linux Mint, imene ndi yaulere, imayenda bwino pa makina akale ndipo imabwera kale ndi Firefox ndi LibreOffice. Ndipo asakudzazireni mulu wa mapulogalamu obedwa amene ena amaika mongokomera kasitomala, chifukwa ambiri mwa mavairasi amene ndimachotsa m'makompyuta a anthu analowera mmenemo. Musanachoke pa shopu, bayani fulashi yanu, mutsegule PDF imodzi, vidiyo imodzi ndi fayilo ya PhET ija intaneti ili yozima, muone ndi maso anu kuti babu likuyaka musanalipire.